X11 ikupita pa Linux: zoyenera kuchita kompyuta yanu isanakudzidzimutseni

Pansi pa mazenera onse amene mumaona pa kompyuta ya Linux pamakhala pulogalamu imene imagawa malo pa sikirini, imalandira zimene mwadina pa kiyibodi ndi pa mausi, n'kuzipereka ku zenera loyenera. Kwa zaka zoposa 30 ntchito imeneyi yakhala m'manja mwa X Window System, imene inayambira ku MIT ku America mu 1984. Mtundu wake wa nambala 11 unatuluka mu 1987, ndipo dzina loti X11 linachokera pamenepo. Seva yake, kutanthauza pulogalamu imene imagwira ntchitoyi, imene makompyuta ambiri akhala akugwiritsa ntchito ndi Xorg. Wolowa m'malo mwake ndi Wayland, imene Kristian Høgsberg anaiyamba mu 2008.

Kusinthaku kwakhala kukuchitika mwakachetechete, koma tsopano kwafika pakhomo. Mwa mitundu ya Linux, imene imatchedwa ma distro, Fedora inayamba kulowetsa anthu ogwiritsa ntchito desktop ya GNOME mu Wayland mu 2016, Debian mu 2019, Ubuntu inayesa mu 2017, inabwerera m'mbuyo, kenako inakhazikika mu 2021. Nthawi yonseyo X11 inkakhalapobe ngati pothawira. Pothawirapo ndi pamene pakutsekedwa: Red Hat Enterprise Linux 10 ya 2025 ilibe seva ya Xorg, Ubuntu 25.10 ndi Fedora 43 zilibe GNOME ya pa Xorg, ndipo a KDE, opanga desktop ina yotchedwa Plasma, analengeza kumapeto kwa 2025 kuti Plasma 6.8 idzakhala ya Wayland yokha.

Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti mapulogalamu awo akale onse afa. Ayi. Pali zinthu zitatu zosiyana zimene timazitchula ndi dzina limodzi la X11, ndipo tsogolo lake si limodzi. Choyamba ndi session ya X11, kutanthauza kulowa mu desktop yonse ikuyendetsedwa ndi Xorg. Imeneyi ndi imene GNOME ndi KDE akuichotsa. Chachiwiri ndi mapulogalamu wamba amene analembedwa kuti azilankhula chinenero cha X11. Amenewa ali pabwino, chifukwa pali Xwayland, seva ya X imene imayenda mkati mwa Wayland n'kumawatanthauzira, ndipo ngakhale Red Hat anaisunga pamene ankachotsa Xorg. Chachitatu ndi tizida timene timapisa dzanja m'mazenera a mapulogalamu ena: kujambula sikirini, kudina mabatani m'malo mwa munthu, kusintha kiyibodi, kuyendetsa kompyuta muli kutali. Mavuto enieni ali pa gulu lachitatuli, ndipo nthawi yanu yambiri ithere pamenepa.

Yambani mwadziwa pamene mwaima

Tsegulani terminal mulembe:

`echo $XDG_SESSION_TYPE`

Yankho likhala `x11` kapena `wayland`. Ambiri amadabwa kupeza kuti akhala pa Wayland zaka ziwiri osadziwa. Likatuluka `tty`, ndiye kuti mwalemba lamuloli kudzera pa ssh kapena pa sikirini yakuda ija, osati mkati mwa desktop.

Kenako onani ma session amene kompyutayo ili nawo: `ls /usr/share/xsessions /usr/share/wayland-sessions`. Fayilo iliyonse m'mafoda awiriwa ndi chisankho chimodzi pa sikirini yolowera. Pa GDM, pulogalamu ya sikirini yolowera imene Ubuntu ndi Fedora amagwiritsa ntchito, mukadina dzina lanu pamatuluka kachizindikiro ka giya kumunsi kudzanja lamanja, ndipo zisankhozo zili mmenemo. Foda yoyamba ikakhala yopanda kanthu, X11 inachoka kale pa kompyuta imeneyo.

Ngati muli kale pa Wayland ndipo mukufuna kudziwa mapulogalamu amene akudalira Xwayland, lamulo la `xlsclients` limawatchula, ngakhale limadumpha ena. Njira yosanama ndi kapulogalamu kakale kotchedwa `xeyes`, kamene pa Debian ndi Ubuntu kali mu paketi ya `x11-apps`. Kamaonetsa maso awiri otsatira mausi. Yendetsani mausi pamwamba pa zenera limene mukulikayikira: maso akamatembenuka, zeneralo ndi la X11, akangoti tong'o osasuntha, ndi la Wayland.

Chifukwa chake zina zimasiya kugwira

Mukamvetsa mfundo imodzi iyi, zolephera zambiri muzizidziwiratu zisanachitike. Pa X11 mapulogalamu onse ali ngati anthu ogona m'nyumba yopanda zipupa zamkati: aliyense amaona ndi kumva za mnzake. Mutha kudzionera nokha mu session ya X11. Lembani `xinput list`, pezani nambala ya kiyibodi yanu, tinene kuti ndi 11, kenako `xinput test 11`. Tsopano pitani pa zenera lina, ngakhale la banki mu Firefox, mudine chilembo a. Mu terminal muja mutuluka `key press 38`. Simunalembe sudo, simunafunsidwe chilolezo. Pulogalamu iliyonse imene mwaika pa kompyutapo ikhoza kuwerenga pasiwedi yanu mwa njira yomweyi.

Wayland inamanga zipupazo. Pulogalamu imaona zenera lake lokha, imalandira zilembo zimene zalembedwa kwa iyo yokha, ndipo china chilichonse imapempha kwa compositor, pulogalamu yoyang'anira sikirini yonse, amene pa GNOME ndi Mutter, pa KDE ndi KWin. Chitetezo chimenechi n'chofunika, ndipo amene amachinyoza sanaganizire bwino za kompyuta ya mu ofesi imene anthu asanu amaikapo zinthu. Koma mtengo wake ulipo: zida zabwinobwino zimene zinkadalira nyumba yopanda zipupa ija zimagwa limodzi ndi zoipa. Ndiponso X11 inali seva imodzi kulikonse, pomwe pa Wayland desktop iliyonse ili ndi compositor wakewake, kotero chida chogwira pa compositor wina monga Sway sichigwira pa GNOME nthawi zonse.

Fufuzani zimene mwabisa m'ma script

Musanasinthe chilichonse, funsani kompyutayo kuti ikuuzeni pamene mukudalira zida zakale:

`grep -rlIE "xdotool|xrandr|wmctrl|xclip|xsel|xmodmap|setxkbmap|xbindkeys|scrot|x11vnc|xinput" ~/bin ~/.local/bin ~/.config/autostart ~/.profile ~/.xprofile ~/.xinitrc 2>/dev/null`

Fayilo iliyonse imene yatuluka ndi ntchito imene ikukudikirani. Choipa cha zida zimenezi pa Wayland n'chakuti zambiri sizidandaula. Zimalankhula ndi Xwayland, Xwayland imavomera, lamulo limatha bwinobwino, koma palibe chasintha. `xrandr` imakuonetsani masikirini koma singathe kusintha kukula kwa chithunzi pa sikirini yeniyeni. Pa KDE ntchito imeneyo ndi ya `kscreen-doctor`, pa Sway ndi ma compositor anzake omangidwa pa maziko otchedwa wlroots ndi ya `wlr-randr`, pa GNOME pitani ku Settings, gawo la Displays. M'malo mwa `xclip` ndi `xsel` ikani `wl-clipboard`, imene imabwera ndi `wl-copy` ndi `wl-paste`. M'malo mwa `scrot`, a wlroots ali ndi `grim` ndi `slurp`, a KDE ali ndi Spectacle, a GNOME amangodina Print Screen. Mabatani achidule a `xbindkeys` muwalembenso mu Settings ya desktop yanu.

`xdotool` ndiyo imapweteka kwambiri, chifukwa wolowa m'malo wofanana nayo ndendende palibe. `ydotool` imatha kulemba ndi kudina, koma imachita zimenezi podzionetsa ngati kiyibodi ina kudzera pa `/dev/uinput`. Choncho imafuna `ydotoold` ikhale ikuyenda ndi chilolezo cholemba pa fayilo imeneyo, ndipo sidziwa kuti zenera lakutilakuti lili pati. Script imene inkati “peza zenera la LibreOffice, ulibweretse patsogolo, ulembemo izi” siimasulirika mzere ndi mzere. Muiganizirenso kuchokera pachiyambi, mwina pogwiritsa ntchito ma macro a pulogalamu yomweyo.

Dziwaninso kuti session ya Wayland siwerenga `~/.xinitrc`, `~/.xprofile` kapena `/etc/X11/xorg.conf`. Ngati munaikamo ma variable, asamutsireni ku fayilo yatsopano monga `~/.config/environment.d/zanga.conf`, mzere uliwonse ukhale `DZINA=mtengo`, popanda mawu oti export, kenako mutuluke n'kulowanso. Zimene munakonza za touchpad mu driver wakale wa Synaptics nazonso zimatha mphamvu, chifukwa pa Wayland zonse zimadutsa mu libinput ndipo zimasinthidwira mu Settings.

Chilembo cha ŵ

Amene amalemba Chichewa kapena Chitumbuka mosamala, n'kumasiyanitsa w ndi ŵ monga m'mawu oti Malaŵi, kawirikawiri anaika chilembochi pa batani lina ndi `xmodmap`. Pa Wayland zimenezo zimangosowa. Njira yogwira konsekonse ndi batani la Compose. Pa GNOME lembani:

`gsettings set org.gnome.desktop.input-sources xkb-options "['compose:ralt']"`

Lamuloli limafufuta ma option ena amene analipo, choncho yambani mwaona ndi `gsettings get` ngati muli kanthu. Mukatero, dinani Alt wakumanja, musiye, dinani ^, kenako w. Patuluka ŵ, ndipo W wamkulu apereka Ŵ. Pa KDE chisankho chomwechi chili mu System Settings pansi pa Keyboard. Ngati mukufuna njira yaifupi kuposa pamenepa, fayilo ya `~/.XCompose` imawerengedwabe ngakhale dzina lake lili ndi X. Mzere woyamba ukhale `include "%L"` kuti zachibadwa zisatayike, wachiwiri `<Multi_key> <w> <w> : "ŵ"`. Pa GNOME mungathenso kudina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, kulemba 175, n'kudina Enter.

Yesani musanasamuke

Musayesere pa tsiku la msonkhano. Ngati kompyutayo ili ndi ma session onse awiri, tulukani, sankhani ya Wayland pa kagiya kaja, mugwiremo ntchito yanu yeniyeni kwa sabata yathunthu. Ngati ilibe, ikani Fedora kapena Ubuntu yatsopano pa fulashi ya 8 GB muyatsire pomwepo osakhudza hard disk. Fayilo ya Ubuntu 24.04 yokha ndi pafupifupi 6 GB, choncho amene muli pa bandulo koperani kamodzi n'kugawana fulashiyo.

Zoyamba kuyesa ndi kuonetsa sikirini yanu kwa ena pa msonkhano wa pa intaneti, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amachitira manyazi. Pa Wayland pulogalamu sijambula sikirini yokha. Imapempha kudzera mu xdg-desktop-portal, inu mumasankha zenera pa kabokosi kamene katuluka, ndipo chithunzicho chimayenda pa PipeWire, pulogalamu yonyamula mawu ndi zithunzi pakati pa mapulogalamu. Anzanu akamaona mdima wokhawokha ndi mausi yanu ikuyendayenda, ndiye kuti pulogalamuyo ikujambula Xwayland, mmene mulibe kanthu. Onani ngati zonse zili moyo ndi `systemctl --user status pipewire xdg-desktop-portal`, ndipo mutsimikize kuti paketi yogwirizana ndi desktop yanu ilipo: `xdg-desktop-portal-gnome`, `xdg-desktop-portal-kde` kapena `xdg-desktop-portal-wlr`. Amene anaikapo ma desktop awiri pa kompyuta imodzi amakumana ndi vuto loti portal ya desktop ina ndi imene ikuyankha, ndipo kabokosi kaja sikatuluka kapena kamachedwa kwambiri. Pulogalamu ya msonkhano ikakanika, lowani msonkhano womwewo kudzera mu Firefox kapena Chrome. OBS Studio, pulogalamu yojambulira vidiyo ya sikirini, imajambula kudzera pa PipeWire kuyambira mtundu wa 27 wa 2021.

Chachiwiri, kuthandiza munthu muli kutali. `x11vnc` pa Wayland ndi yakufa. GNOME ili ndi Remote Desktop yake mu Settings imene imalankhula RDP, njira yoyendetsera kompyuta muli kutali, Plasma ili ndi KRdp kuyambira 6.1, a wlroots ali ndi `wayvnc`. Koma `ssh -X` imagwirabe, chifukwa zenera lochokera ku kompyuta yakutali limafikira mu Xwayland. Pa mapulogalamu a Wayland enieni pali `waypipe`, imene iyenera kuikidwa mbali zonse ziwiri.

Chachitatu, pulojekita ndi sikirini yachiwiri. Apa Wayland nthawi zambiri imaposa X11, makamaka masikirini awiri akasiyana kuthwa kwake. Chilema chimaoneka mukaika scaling pa 125% kapena 150%: mapulogalamu a Xwayland amajambulidwa aang'ono n'kukokedwa, ndiye zilembo zimachita chifunga. Pa KDE, mu Display Configuration, muli chisankho cholola mapulogalamu a X11 kudzikulitsa okha. Njira ina ndi kukankhira pulogalamuyo ku Wayland: a Chromium ndi Electron amamva `--ozone-platform=wayland`, a Qt amamva `QT_QPA_PLATFORM=wayland`. Firefox imasankha Wayland yokha kuyambira mtundu wa 121, ndipo mukhoza kutsimikiza pa `about:support` pa mzere wa Window Protocol. Njira yobwerera iliponso. Pulogalamu ikamachita misala pa Wayland, iyatseni ndi `GDK_BACKEND=x11` ngati ndi ya GTK, kapena `QT_QPA_PLATFORM=xcb` ngati ndi ya Qt. Ikani variable yotereyi kutsogolo kwa pulogalamu imodzi yokhayo, osati pa session yonse, chifukwa ikafika ku zigawo za desktop yeniyeniyo zina zimakana kuyaka.

Mapulogalamu a mazenera ambirimbiri muwayese mofatsa. Pa Wayland pulogalamu siloledwa kunena kuti zenera langa likhale pakona iyi, ndipo siidziwa n'komwe pamene zeneralo lili. Olemba KiCad, pulogalamu yojambulira ma circuit board, ananena poyera mu 2025 kuti zinthu ngati zimenezi zikuwavuta ndipo analangiza ogwira ntchito yolemera kukhalabe pa X11. Ngati pakhomo kapena pa ofesi pali wosaona amene amadalira Orca, pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini, kapena wogwiritsa ntchito kiyibodi ya pa sikirini, akhale pampando iye mwini ayese. Iyeyo ndi amene anganene ngati zikugwira.

Kutsegula pulogalamu ya mazenera ndi `sudo` kumatha kukana ndi uthenga woti yalephera kutsegula display. Pokonza fayilo ya system gwiritsani ntchito `sudoedit`. Zikakakamiza, `xhost +si:localuser:root` imatsegulira root khomo la Xwayland, ndipo mukamaliza mulitseke ndi `xhost -si:localuser:root`.

Khadi la NVIDIA

Lembani `lspci -k | grep -A3 -E "VGA|3D"` muone khadi ndi driver amene akuliyendetsa. La Intel kapena AMD, ngakhale pa ma Core i3 ndi i5 a kaunjika a zaka khumi zapitazo, nthawi zambiri lilibe nkhani. La NVIDIA limatengera nambala ya driver, imene `nvidia-smi` imaonetsa pamwamba. Driver 495 wa 2021 ndi amene anayamba kugwiritsa ntchito GBM, njira imene ma compositor onse amaimva, ndipo 555 wa 2024 anabweretsa explicit sync imene inathetsa kuphethira kwa mazenera kumene kunkatopetsa anthu. Kuyambira 555 kupita m'mwamba, yesani Wayland mopanda mantha. Onani kaye `sudo cat /sys/module/nvidia_drm/parameters/modeset`. Ikayankha N, pangani fayilo `/etc/modprobe.d/nvidia-drm.conf` yokhala ndi mzere `options nvidia-drm modeset=1`, muyendetse `sudo update-initramfs -u` pa Debian ndi Ubuntu kapena `sudo dracut -f` pa Fedora, n'kuyatsanso kompyuta. Popanda zimenezi chisankho cha Wayland chimatha kusowa pa kagiya kaja.

Makadi ambiri a GTX 600 ndi 700 anathera pa driver 470, ndipo a GTX 400 ndi 500 pa 390. Amenewa musalimbane nawo. Akhale pa Xorg, kapena muyese driver waulere wa nouveau mukudziwa kuti liwiro litsika.

Ngati mwaganiza zokhalabe pa X11

Palibe cholakwa, bola mukhale ndi tsiku m'mutu. Ubuntu 24.04 LTS ili ndi chisankho cha Ubuntu on Xorg ndipo ilandira zokonza za chitetezo mpaka 2029. Linux Mint 22, imene Cinnamon yake imayenda pa X11, nayonso ndi mpaka 2029. AlmaLinux 9 ndi Rocky Linux 9 ali ndi Xorg mpaka 2032. Debian 13 ya 2025 ili nayo. Kuti GDM izilowetsa aliyense mu Xorg, chotsani # kutsogolo kwa mzere `WaylandEnable=false` mu `/etc/gdm3/custom.conf` pa Ubuntu kapena `/etc/gdm3/daemon.conf` pa Debian. Pa makompyuta a sukulu kapena a ofesi, tsegulaninso `/etc/update-manager/release-upgrades` muike `Prompt=never`, kuti wina asadine batani lokwezera Ubuntu ku mtundu wopanda GNOME ya Xorg musanakonzeke. Mzerewu suletsa zokonza za tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo musaziletse: Xorg imatulukirabe ziboo za chitetezo, ndipo paketi ya `xserver-xorg-core` iyenera kumakonzedwa.

Njira yokhalitsa kuposa kukakamira GNOME ndi kusintha desktop. Xfce ndi MATE akadali a X11. Xfce 4.20 ya kumapeto kwa 2024 inangoyamba kuyesa Wayland, ndipo pamenepo imabwereka compositor wa ena monga labwc. Pa Debian kapena Ubuntu, `sudo apt install xfce4 xfce4-goodies lightdm` imakwanira. Mukafunsidwa display manager, kutanthauza pulogalamu ya sikirini yolowera, musankhe lightdm, ndipo mukaphonya funsolo mulibweze ndi `sudo dpkg-reconfigure lightdm`. Pa kompyuta ya 4 GB ya RAM mupindulanso kupepuka.

Mu 2025 panatuluka XLibre, nthambi ya Xorg yofuna kupitiriza X11. Pa kompyuta yoyeserera, yesani. Pa kompyuta imene mumalipirira antchito kapena kusungira mafayilo a anthu, seva ya sikirini ichokere kwa amene amakonza distro yanu basi, chifukwa chilembo chilichonse cha pasiwedi chimadutsa mwa iyo.

Sikirini ikada

Mukasintha session kapena driver n'kupeza mdima, kapena mukalemba pasiwedi n'kubwezedwa pa sikirini yolowera, kompyutayo siinafe. Dinani Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi, pa laputopu ina muonjezere Fn, mulowe ndi dzina ndi pasiwedi yanu. `journalctl -b -p err` ikuonetsani zolakwa za kuyaka kumeneku, ndipo `journalctl -b -1 -p err` za kuyaka kwapitako. Ngati session yokanikayo ndi ya Xorg, werengani `~/.local/share/xorg/Xorg.0.log` kapena `/var/log/Xorg.0.log`, mufunefune mizere yokhala ndi EE. Onaninso `df -h`, popeza disk yodzadza imabweza munthu pa sikirini yolowera mofanana ndendende ndi driver wolakwika. Bwezani mzere umene munasintha pomaliza, kaya ndi mu fayilo ya GDM kapena mu `environment.d`, kenako `sudo systemctl restart gdm`, kapena `lightdm` ngati ndi imene mukugwiritsa ntchito. Lamulo lomalizali limatseka mazenera onse otsegula pa kompyutapo, choncho ngati pali wina amene analowa n'kusiya ntchito yake yosasunga, muuzeni kaye.